Kulemba maina pa matambula ndi kirimu wa Armour Etch: ndani anayesapo kuno kuchigwa?

Mayi wa pa Nchalo:
Moni nonse. Mwana wa mchemwali wanga akumanga ukwati mu Novembala, ndipo ine ndikufuna kuwapatsa mphatso yoti ikhalitse. Ndagula matambula 12 ku Limbe, osalala opanda maluwa, kuphatikizapo mbale imodzi yagalasi ya Pyrex yophikira mu uvuni. Maganizo anga ndi kulemba maina a awiriwa ndi tsiku la ukwati pagalasipo. Achimwene amene ali ku Johannesburg anditumizira kabotolo ka Armour Etch, akuti kirimu ameneyu amadya galasi n'kusiya zilembo zoyera zosafufutika. Kabotoloka sindinatsegule, ndikuopa kuononga matambula. Zilembozo ndidule pa chiyani? Nanga kutentha kwathu kuno sikungaumitse kirimuyo asanagwire? Amene munagwirapo ntchitoyi ndithandizeni.

Wolemba zikwangwani, Ngabu:
Amayi, mwaganiza bwino. Kirimu sindiye wovuta, ntchito yonse yagona pa sitensulo, chimango chobooledwa zilembo chimene mumamata pagalasi. Ya pepala kapena katoni musayese n'komwe, kirimu amalowa pansi ndipo dzina limatuluka lofafanizika m'mbali. Pamafunika sitika ya vinilo, imene timamata pa minibasi ija. Pitani kwa aliyense amene ali ndi makina odulira masitika, muwauze kuti achotse zilembo asiye chimango, chifukwa iwo anazolowera kutaya chimango n'kusiya zilembo. Muwauzenso akuikireni tepi pamwamba kuti timitima ta A, O ndi R tisatsalire papepala posamutsa. Kudula ndi lezala kumatheka ngati dzanja lanu silinjenjemera, koma matambula 12 kuti afanane onse, makina ndiye abwino.

Musanamate, tsukani tambula ndi sopo, iume, kenako mupukute ndi sipiriti wa methylated. Mukatero musagwirenso pamenepo. Thukuta la chala chimodzi lokha limasiya banga pa dzina, ndipo kuno thukuta simuchita kulifuna.

Kuti dzina lisapendame ine ndimathira madzi m'tambula mpaka pamene ndikufuna mzere, n'kuika patebulo lowongoka, sitika ndimatsatira pamwamba pa madziwo. Tambula imakhala yotambalala kumwamba, ndiye sitika imachita makwinya. Chekani timing'alu m'mphepete mwake kuti igone bwino. Kenako tsinderani ndi chikhadabo kapena khadi yakale ya kubanki kuzungulira chilembo chilichonse, osathamanga. Mbali zonse zotsala phimbani ndi tepi, poti kadontho kakagwera pagalasi poyera, kasiya chizindikiro mpaka kalekale.

Za kutentha mwafunsa zoona. Kuno ku Ngabu mu Okutobala ndi Novembala masana amapyola madigiri 40, guluu wa sitika amafewa ndipo kirimu amauma msanga. Gwirani ntchitoyi mbandakucha, pakhonde pamthunzi, mphepo ya fumbi isanayambe. Takasani kirimu ndi kamtengo, pakani wochindikala mpaka zilembo zisaoneke, ndipo muzimusunthasuntha ndi kaburashi kuti asaume malo amodzi. Nthawi tsatirani ya pabotolo; ine ndimasiya pafupifupi mphindi 5. Kusiya theka la ola sikuzamitsa zilembo, kumangopatsa kirimu mpata wolowa pansi pa sitika. Wotsala mukokolole mubwezere m'botolo, amagwiranso ntchito.

Mphunzitsi wa sayansi, Nsanje:
Achimwene a ku Ngabu afotokoza bwino, koma ndionjezere chimene chikundidetsa nkhawa. Dzina loti kirimu lisakupusitseni, amayi. Muli mankhwala a fluoride, ammonium bifluoride, amene amasungunula silika wa m'galasi. Akakhudza khungu sawawa nthawi yomweyo monga asidi wa batire. Amalowa mwakachetechete n'kumakoka kashiamu wa m'thupi, ululu umadzayamba patapita maola, makamaka akalowa pansi pa chikhadabo. Choncho valani magolovesi a labala opanda chibowo, osati jumbo, ndiponso magalasi oteteza maso. Akakudontherani, tsukani ndi madzi ambiri kwa mphindi zosachepera 15, ndipo pitani kuchipatala mutanyamula botololo ngakhale musakumva kuwawa.

Madzi otsukira musatayire pabwalo. Nyengo ino mbuzi, nkhuku ndi abakha zimathamangira dontho lililonse la madzi. Tsukirani m'beseni lapulasitiki limene simudzasambitsiranso mwana kapena kutsukiramo mbale, thiranimo laimu pang'ono kuti amange fluoride, kenako mukatayire m'dzenje kutali ndi mjigo n'kukwirira. Sinki ya dothi yonyezimira ndi matailosi kirimuyu amazidya monga galasi lomwe. Botolo likhale lokhomera, pamene ana safika.

Mayi wa pa Bangula:
Ine ndinalembapo pa mabotolo a uchi. Langizo langa ndi loti muyambe pa botolo lakale la jamu kapena la Sobo wagalasi mpaka dzanja lizolowere. Komanso zilembo zikhale zoonda ndi zazing'ono, malo aakulu ngati mtima wodzaza amatuluka mawangamawanga. Mtimawo ingojambulani mzere wake.

Mayi wa pa Nchalo:
Zikomo kwambiri nonse, makamaka aphunzitsi, za nkhukuzo sindikanaziganiza ndipo ndili nazo zambiri. Koma za mbale ya Pyrex simunandiyankhe. Ndiyo ndimaiwerengera kwambiri chifukwa mwanayu amakonda kuphika makeke. Chinanso, madzi a pamjigo wathu ndi amchere, kodi sasokoneza? Ndipo munthu angamwere m'tambula yoteroyo popanda vuto?

Mphunzitsi wa sayansi, Nsanje:
Kumwera palibe vuto. Mukatsuka bwino ndi sopo sipatsala mankhwala, chimene chikuoneka choyeracho ndi galasi lomwelo lakhakhala. Lembani kunja kwa tambula, pansi pang'ono pa pofika mlomo.

Mbale zophikira mu uvuni zambiri ndi za galasi la borosilicate, limene linapangidwa kuti lipirire moto, ndipo kirimuyu saligwira bwino. Nthawi zina sipaoneka kanthu n'komwe. Za Pyrex zina si za mtundu umenewo ndipo zimalembeka. Donthezani kadontho kakang'ono pansi pa mbale pakona, dikirani mphindi 5, tsukani, muone. Ngati pachita mbuu, lembani kunsi kwa mbaleyo, koma odula sitika muwauze atembenuze zilembo ngati pakalilole kuti dzina liziwerengeka poyang'ana m'kati.

Wolemba zikwangwani, Ngabu:
Madzi amchere sasokoneza kirimu, koma akaumira pagalasi amasiya timadontho toyera tofanana ndi pamene padyedwa, mungaganize kuti mwaononga. Potsuka komaliza gwiritsani madzi opanda mchere, mupukute nthawi yomweyo ndi nsalu yofewa. Musadandaule mukaona dzina likuzimirira tambula ili yonyowa, limaoneka bwino ikauma. Mbaleyo ikakana, mundiuze pano, pali kamakina ka magetsi kozokotera galasi, tingaone chochita tsiku la ukwati lisanafike.