Mbuzi za m'khola nthawi ya mvumbi: ndizidyetse bwanji kuti zisaonde?

Mayi wa ku Bvumbwe

Moni nonse alimi anzanga. Ndili ndi mbuzi 7 m'khola la m'mwamba: zazikazi 4, tonde mmodzi ndi tiana tiwiri. Mwa zazikazizo ziwiri zili ndi bere, imodzi ikuyamwitsa. Kuno mvumbi wagwira, dzuwa silikuoneka, ndipo kuzitulutsa n'kosatheka poti chimanga chili m'minda. M'mawa ndimamweta nsenjere ndi udzu wa m'mbali mwa dambo n'kuziponyera, madzulo ndimazipatsa madeya. Kudya zikudya ndithu, koma zikuonda, ndowe zafewa ngati phala, ndipo ina imatupa mimba ikangotha kudya. Ndichite chiyani? Nanga madeya ndiziwapereka ochuluka bwanji?

Mlangizi wopuma

Mayi, mbuzi zanu zikukhuta madzi. Udzu wanthete wa mu Januwale, magawo 8 mwa 10 alionse ndi madzi, ndiye mukaumweta uli chinyowere ndi mvula mwawonjezeranso ena. Mimba imadzaza msanga mbuzi isanapeze chakudya chokwanira thupi lake.

Tiwerengere limodzi. Mbuzi imafuna chakudya cholemera pafupifupi 3 peresenti ya thupi lake patsiku, madzi titachotsamo. Ya makilogalamu 30 ndiye kuti ikufuna pafupifupi kilogalamu imodzi ya chakudya chouma. Kuti ipeze kilogalamu imeneyo mu udzu wauwisi, iyenera kudya makilogalamu 4 kapena 5. Yoyamwitsa imafuna zoposa pamenepo. Pa khola lanulo mukufunika mtolo wa makilogalamu osachepera 25 tsiku lililonse, ndipo muwonjezere pang'ono chifukwa mbuzi imasankha, siidya zonse. Yesani mtolo wanu pasikelo kamodzi kokha. Ambiri amapeza kuti akupereka theka.

Chinthu choyamba kusintha ndi nthawi yomweta. Mwetani masana kapena chakumadzulo, mvula ikakata pang'ono, osati m'mamawa udzu uli ndi mame. Yalani pathandala pansi pa denga, mopyapyala, kuti mphepo izipita pansi ndi pamwamba, ndipo mupereke mawa lake utafota. Musauunjike mulu kapena kuusiya m'thumba. Udzu wonyowa ukaunjikana umatentha mkati usiku umodzi wokha, n'kuyamba kusasa, ndipo umenewo ndi umene umatupitsa mimba. Mukapisa dzanja mumtolo n'kumva kufunda, umwazeni uzizire. Ukayamba kununkha, ukhale manyowa.

Nsenjere muzidula itafika pafupifupi mita imodzi. Yaifupi kwambiri ndi madzi okhaokha, yopitirira msinkhu wa munthu yakhwima, mbuzi zimangothyola masamba n'kusiya mapesi. Iduleniduleni ndi chikwanje tizidutswa totalika ngati chala.

Chachiwiri, m'mawa ziyambe ndi chouma: masangwi a mtedza, makoko a nandolo kapena a nyemba, udzu wofutsa, ngakhale makoko a chimanga. Manja awiri odzaza pa mbuzi iliyonse, kenako pakapita ola limodzi mubweretse zaziwisi. Chouma chimachititsa mbuzi kubzikula nthawi yaitali, ndipo malovu amene imameza pobzikula ndi amene amakhazikitsa mimba. Ndowe zimayambanso kuumbika timibulu pakangopita masiku ochepa.

Chachitatu, mbuzi si ng'ombe. Mwachibadwa imadya masamba a mitengo mutu uli m'mwamba. Gawo limodzi mwa magawo atatu a mtolo likhale masamba: mabulosi, gilisidiya, lukina, jelejele, nandolo, kholowa. Muzimanga nthambi ndi chingwe n'kuzipachika pamsinkhu wa mutu wake. Gilisidiya zimayamba zamukana chifukwa cha fungo, koma akafota tsiku limodzi zimazolowera.

Achimwene a Boer

Zonse anena akuluwa n'zoona. Ine ndilankhule za madeya, chifukwa m'dzinja muno amapha mbuzi zambiri eni ake akuganiza kuti akuzichitira zabwino.

Mlingo: yaikulu yosayamwitsa magalamu 200 patsiku akukwana. Yoyamwitsa ndi ya bere lokhwima mutha kufika magalamu 300 mpaka 400, koma mogawa pawiri, m'mawa ndi madzulo, ndipo nthawi zonse itadya kale udzu. Musalumphe kuchoka pa pang'ono kufika pa mlingo wonse tsiku limodzi. Kwezani pang'onopang'ono kwa masiku 7 mpaka 10. Tizilombo ta m'chifu timene timagaya chakudya timafuna nthawi kuti tizolowere. Mbuzi ikadya madeya ambiri mwadzidzidzi, chifu chimasasa, imasiya kubzikula, imatsekula m'mimba zotuwa zonunkha mowawasa, imakukuta mano, ndipo ikhoza kufa. Pezani chitini chimodzi, muyeze madeya ake pasikelo, chikhale muyezo wanu mpaka kale.

Vuto lina n'kuthirira pamodzi. Yamphamvu imadya gawo la zitatu, yofooka n'kugona ndi njala, ndiye mumakhala ndi ina yotupa mimba, ina yowonda, m'khola limodzi. Ndikukayikira kuti yanu yotupayo ndi imene imalamulira modyera. Muzimangirira iliyonse pa mbale yake kwa mphindi 15.

Madeya okha alibe zomanga thupi zokwanira. Ngati mungathe, sakanizani magawo atatu a madeya ndi gawo limodzi la soya wokazinga wogaya kapena keke ya mpendadzuwa (zotsala akafinya mafuta). Pa makilogalamu 10 a zosakanizazo thirani mchere magalamu 100 ndi laimu wa ziweto magalamu 150. Laimuyo musamuone ngati wongokometsera. Madeya ali ndi mchere wa phosphorus wambiri koma wa calcium, umene uli mu laimu, wochepa, ndipo kwa tonde ndi mbuzi zofula zimenezi zimaumba timiyala m'njira ya mkodzo. Mudzaona ikudzikankha, ikulira, mkodzo ukungodontha. Tonde wanu ngati ali ndi thupi labwino, musamupatse opitirira magalamu 100, ndipo madzi asamusowe.

Inde madzi, ngakhale kunja kukuvumba. Ikani malita 3 kapena 4 pa mbuzi iliyonse, yoyamwitsa ochulukirapo, ndipo muzitsuka chidebe tsiku ndi tsiku. M'madzimo mukagwera ndowe imodzi yokha, mbuzi siimwanso.

Chomaliza ndi chuku. Madeya a chimanga chokonola amachoka kuchigayo ali onyowa, ndipo m'nyengo ino masiku awiri atatu m'thumba achita kale zibuma. Ayanikeni pamphasa m'nyumba mpaka aume gwa, thumba likhale pamatabwa osakhudza khoma. Amene aumbana, asintha mtundu kapena akununkha chinyezi, tayani ndithu. Poizoni wa chuku amawononga chiwindi, ndipo satha ndi kuyanika kapena kuphika.

Namlimi wa ku Dedza

Ine chandidetsa nkhawa ndi udzu wa kudambo uja. Mbuzi yodya bwino koma n'kumawonda m'dzinja, ganizirani njoka za m'mimba musanaganize china. Anthu amati ya m'khola siigwidwa njoka, koma timazibweretsa tokha mumtolo. Mazira a njoka amatuluka ndi ndowe, kukafunda ndi kunyowa amaswa, ndipo pakangotha pafupifupi sabata timphutsi timakhala titakwera paudzu. Tambiri timakhala m'munsi, m'masentimita 10 oyambirira. Choncho mwetani m'mwamba, musapalire pansi, ndipo pewani malo amene anzanu amamangirira mbuzi zawo. Kudambo kulinso njoka za m'chiwindi zimene zimadzera mu nkhono za m'madzi.

Kuti mudziwe ngati njoka zaiyamwa magazi, kokerani pansi chikope cha m'munsi cha mbuzi pamalo owala, muone mkati mwake. Chikhale chofiira. Chikatuwa kapena kuyera, magazi atha, ndipo mukaona kutupa pansi pa chibwano ndiye kuti zafika poipa. Itanani alangizi a ziweto aziyeze kulemera asanamwetse mankhwala, chifukwa mlingo woperewera ndi umene ukuchititsa njoka kusamva mankhwala. Muwauzenso zimene zili ndi bere: mankhwala a njoka a albendazole saperekedwa bere likadali laling'ono.

Modyera mukhale kunja kwa khola, mbuzi zizitulutsa mitu yokha, masentimita 30 mpaka 40 pa mbuzi iliyonse, denga litaphimba. Chakudya chikagwa pansi n'kupondedwa, sichibwereranso modyera. Kwa tiana ndiye makamaka, poti matenda otsekula m'mimba a coccidiosis amafala ndi ndowe zogwera m'chakudya.

Mayi wa ku Bvumbwe

Zikomo kwambiri nonse. Masangwi a mtedza ndilibe, anatha kale. Chimene chilipo chambiri ndi lukina, chigwada, masamba a nthochi ndi a mapeyala. Ndingadalire zimenezi? Nanga ikatupa mimba usiku ndichite chiyani?

Mlangizi wopuma

Mapeyala ayi, mayi, chonde. Masamba ake ali ndi poizoni kwa mbuzi: yoyamwitsa imatupa mawere mkaka n'kuuma, ndipo ikadya ambiri mtima umawonongeka. Uzaninso ana amene amakuthandizani kumweta. M'gulu lomwelo ikani lantana, nsatsi ndi mphukira za mapira.

Lukina ndi wabwino kwambiri koma asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse. Akachuluka kwa milungu ingapo, mbuzi imayoyoka ubweya, imatuluka dovu, imasiya kudya. Chigwada musapereke chongothyola kumene. Chifote tsiku lathunthu chitayalidwa kuti ululu wake uuluke, makamaka cha chinangwa chowawa, ndipo muyambe ndi dzanja limodzi. Masamba a nthochi alibe vuto, amathandiza kulimbitsa ndowe, kungoti chakudya chake n'chochepa, ndiye asalowe m'malo mwa nsenjere.

Poti chouma mulibe, pangani chanu. Mwetani udzu woti wayamba kumasula ngayaye, muupachike timitolo ting'onoting'ono pansi pa denga pomwe pamapita mphepo, muzisinthanitsa kuti wa lero uzidyedwa pakapita masiku awiri kapena atatu. Sufika pouma ngati wa m'chilimwe, koma ukwanira kuyambira m'mawa.

Ziwiri za berezo muziyang'anire mwapadera. Bere la mbuzi ndi masiku pafupifupi 150, ndipo ana amakula kwambiri m'milungu 6 yomaliza, nthawi imene chifu chapanikizika moti mbuzi siingadye zambiri nthawi imodzi. Zipatseni masamba abwino kwambiri katatu patsiku. Ya bere la mapasa ikayamba kukana chakudya, kudzipatula ndi kugonagona, musadikire mawa, itanani dotolo wa ziweto.

Za kutupa mimba: onani mbali ya kumanzere, kuseri kwa nthiti. Ikatupa n'kumalira ngati ng'oma mukaigogoda, chotsani chakudya chonse, imikani mbuziyo miyendo yakutsogolo ili pamalo okwera, ndipo muimwetse mafuta ophikira mamililita 100 ngati ndi yaikulu. Thirani pang'onopang'ono m'mbali mwa kamwa, mutu osaugadamitsa, izimeza yokha. Mafuta akalowa m'mapapo mwayambitsa chibayo. Sisitani mbali yotupayo mokweza ndipo muiyendetse mpaka iyambe kugeya. Ngati chayambitsa ndi madeya, sungunulani supuni yaikulu imodzi ya soda wa therere m'kapu ya madzi, muimwetse momwemo. Palafini musagwiritse ntchito. Ikayamba kupuma ndi kamwa kapena kugwa pansi, pafunika wodziwa kuboola chifu, ndiye nambala ya alangizi ikhale mufoni.

Ikachira, tsiku loyamba ipatseni udzu wofota ndi madzi okha. Madeya abwerere pakapita masiku atatu, kuyambira theka la mlingo.