Timadontho ta brightener tikulamulira bwanji thanki yonse ya kopa?

Mwana_wa_Dedza:
Abale anga a kuno ku Joni ndithandizeniko. Ndimagwira ntchito pa kakampani kena ka plating cha ku Germiston, timakuta zitsulo ndi kopa kenako nickel. Mu thanki ya kopa muli copper sulphate ndi sulphuric acid wambirimbiri, koma chloride akuti ikhale 60 mg pa lita basi, brightener naye (mankhwala owalitsa zitsulo) timangothira pang'ono. Sabata yatha brightener anatithera ndiye zitsulo zinatuluka zosawala, zokhakhala ngati khoma losapulasitala, zonse kubwereza. Kanthu kochepa chonchi kangasinthe bwanji thanki ya malita 800? Mutu wanga wakana ndithu.

AnaPhiri_Randburg:
Achimwene musayang'ane thanki, yang'anani pankhope pa chitsulocho, nkhani yonse ili pamene chitsulo chakhudzana ndi madzi. Mukayatsa magetsi ma ion (tizidutswa tokhala ndi mphamvu ya magetsi ta mankhwala osungunuka mmadzimo) amabwera kudzandanda pafupi ndi electrode, kutanthauza chitsulo cholumikizidwa ku magetsicho, ndipo kundandana kumeneku ndiye double layer yomwe wasayansi Helmholtz anayamba kufotokoza mu 1853. Ion iliyonse mmadzimo imakhala itavala mamolekyu a madzi ngati bulangeti. Zina monga sodium ndi fluoride sizifuna kuvula ndiye zimaima chapatali pang'ono, koma chloride, bromide makamakanso iodide zimavulako mbali ina nkukakamira pachitsulo penipeni. Wasayansi wina, Grahame, anazilongosola bwino mu 1947 atayeza pa mercury.

Tsono apa mpamene pali yankho lanu, zomamatirazo zimangofunika mzere umodzi wokha, ndipo pa 1 cm² pamakhala ma atomu pafupifupi 10^15 omwe mukawayeza pa sikelo si kanthu konse, nchifukwa chake timadontho tikukwana. Mu botolo lomwe mukuti brightener nthawi zambiri mumakhala zinthu zingapo. Chimodzi mwa izo ndi PEG (polyethylene glycol), amagwirizana ndi chloride nkuyala kansalu kochedwetsa kopa, popanda chloride sagwira bwino. China ndi leveler, wosalaza pamwamba, amakonda kukhala pa timisongole totukuka, kopa akaona pamenepo patsekedwa amakadzaza mmaenje. Palinso zina zokhala ndi sulphur zomwe zimachititsa kuti timakristo ta kopa tikhale tating'ono kwambiri, kuwala kuja kumachokera pamenepo.

Chembe_94:
Zoona zimenezo mayi. Ine ndinazionera mu labu, platinum mu 0.5 M sulphuric acid imaonetsa bwinobwino ma peak (timapiri ta pa graph) a hydrogen akamamatira pamwamba pake, timawagwiritsa ntchito kuti tidziwe kukula kwenikweni kwa electrode. Tsiku lina ma peak anga anangopindika, kutsuka kutsuka osasintha, kenako ndinapeza kuti reference ya Ag/AgCl (electrode yoyezera voltage, ya siliva ndi silver chloride) imadontheza chloride mmadzimo, chlorideyo nkumakakamira pa platinum. Masiku awiri anapita padera. Mu fuel cell (chipangizo chopanga magetsi kuchokera ku hydrogen) nawonso mpweya wa carbon monoxide (CO) wochepa chabe amakhala pa platinum yomweyi akukumba ku Rustenburg nkulanda malo a hydrogen.

Mwana_wa_Dedza:
Eee zikomo kwambiri, tsopano zikulowa. Ndiye ndikathira wambiri ziwala kuposa pamenepa?

AnaPhiri_Randburg:
Ayi chonde musatero achimwene. Malo akadzaza adzaza, zili ngati taxi ya pa Bree, mipando ikatha otsalawo amangoima pa mzere. Wowonjezerayo amayamba kukwiririka mkati mwa kopa, kopayo nkukhala wosachedwa kusweka mukapinda chitsulo, chloride nayenso akachuluka anode (mbale ya kopa yomwe imasungunukira mu thanki) imachita zoyera pamwamba. Musanathire mu thanki yesani kaye mu Hull cell, kathanki koyesera ka 267 ml, kambale kamodzi kachitsulo kokutidwa mmenemo kakuonetsani mbali ya magetsi ambiri ndi ya ochepa nthawi imodzi. Ngati zinyalala za brightener wakale zachuluka sefani ndi activated carbon, koma dziwani kuti makalawo amakokanso brightener wabwino yemwe, ndiye mukatha kusefa mudzayambe kuthira pang'onopang'ono mukuyang'ana kambale.