Kodi "bere lalikulu" ndi "bere laling'ono" n'chiyani pa mbiri ya banja?

Mdzukulu wa ku Luchenza:
Akuluakulu, tithandizeni. Pa milandu ya minda ndi ya ufumu kuno ku Thyolo kumamveka mawu akuti "awa ndi a bere lalikulu, awo ndi a bere laling'ono". Achinyamata ena amati bere lalikulu ndi ana a mkazi woyamba pa mitala, ena amati ndi ana a mwana wamkazi woyamba kubadwa. Zoona n'ziti? Nanga wofuna kulondola makolo ake ayambire pati?

Gogo wa kwa Mabuka:
Mdzukulu wanga, za mitala zichotsenipo. Pa mitala timati nyumba yaikulu ndi nyumba yaing'ono, ndipo kuwerenga kwake kumayambira pa mwamuna. Bere limayambira pa mkazi. Tinene kuti gogo amene anatsegula mudzi anabereka ana aakazi atatu. Woyambayo, ana ake, ndi ana a ana ake aakazi, onsewo ndi bere lalikulu. Wotsiriza ndi ake ndi bere laling'ono. Mwana wamwamuna amakhala m'bere la mayi ake mpaka imfa, ndipo ndi iye amadzakhala mwinimbumba, koma ana ake salowamo. Iwo ali ndi bere lawo kumene bambo awo anakakhala chikamwini.

N'chifukwa chake ufumu umagwera mwana wa mlongo wake wa mfumu, ndipo poyamba anthu amayang'ana ku bere lalikulu. Koma azimayi a mbumba akaona kuti wa kumeneko ndi chidakwa kapena wankhanza, amamulumpha n'kutenga wa bere lina. Milandu yambiri imabadwira pamenepo, chifukwa pakapita mibadwo iwiri mbali zonse zimati dzinali ndi lathu.

Aphunzitsi a ku Thunga:
Agogo alongosola bwino. Ayao nawonso amati liwele, tanthauzo lomwelo. Ine ndiwonjezere chenjezo kwa olondola makolo: musadalire dzina la bambo lolembedwa pa chiphaso. Kuno ku Thyolo ndi Mulanje limasocheretsa. Amang'anja anali kale kuno, Ayao a mafumu Chikumbu, Matipwiri ndi Mkanda anafika m'zaka za m'ma 1800, koma mabanja ochuluka ndi Alhomwe amene anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira m'ma 1890 mpaka m'ma 1930, pothawa msonkho, ntchito yokakamiza ya Apwitikizi ndi njala. Kalembera wa 1921 anapeza oposa 120,000 m'dziko muno, wa 1945 oposa 370,000. Ambiri anafikira pa minda ya azungu n'kulowa thangata, ntchito yogwirira mwini malo ngati lendi. Kalaliki wa pa esiteti ankalemba dzina limene wamva kapena limene kapitawo watchula, ndipo mwana polowa sukulu ankangotenga dzina loyamba la bambo ake. Ndiye mupeza ana a mayi mmodzi ali ndi mayina atatu osiyana, pamene anthu awiri a dzina limodzi alibe ubale uliwonse.

Mayi a kwa Nthiramanja:
Aphunzitsi, pamenepo ndi zoona, koma kwa Alhomwe bere lokha silifika patali. Limathera pa gogo amene anawoloka mtsinje wa Ruo kapena wa Muloza. Kuti mupitirire, funsani nihimo, pfuko lochokera kwa mayi, ndiponso ngati anali Amihavani, Amanyawa, Amarenje, Atakhwani kapena Akokhola. Dzina la mudzi nalonso musalikhulupirire msanga. Obwera ankapatsidwa malo pansi pa mafumu a Chimang'anja ndi Chiyao, choncho kukhala kwa mfumu yakutiyakuti sikutanthauza kuti ndinu a bere lake.

Gogo wa kwa Mabuka:
Kafunsidwe kake ndi aka. Yambani ndi mayi wamkulu kuposa onse pa mbumba, kenako malume, ndipo muwafunse aliyense payekha. Mukawasonkhanitsa pamodzi wamkulu amalankhula, enawo amangovomera ngakhale akudziwa zina. Musafunse kuti "mayi ake anali yani", chifukwa kwathu kuno mayi aakulu ndi mayi aang'ono onse ndi amayi. Funsani kuti "anabadwa m'mimba mwa yani". Pa munthu aliyense lembani mayina onse: la paubwana, la kuchinamwali, la ubatizo, ndi lomwe ankamuitanira pa ntchito. Chaka sangachikumbuke, ndiye gwiritsani zochitika: anabadwa nkhondo ya Chilembwe ya 1915 isanachitike kapena itatha, anali ndi ana angati pa njala ya 1949, ankakhala kuti pa chipolowe cha ku Thyolo cha 1953.

Mukatero pitani ku manda, mutapempha kwa amfumu ndipo muli ndi wamkulu wokutsogolerani. Anthu a bere limodzi amagona moyandikana, pamene mkamwini kawirikawiri ankanyamulidwa kupita kwawo. Manda a agogo aamuna akasowa pamudzi musadabwe.

Aphunzitsi a ku Thunga:
Pa za manda, kumbukirani kuti mabanja ambiri anasamutsidwa. Lipoti la Abrahams la 1946, lofufuza nkhani za malo, litatuluka, boma linayamba kugula malo ena a maesiteti n'kukhazikapo anthu, ndipo thangata linatha mu 1962. Manda akale a banja akhoza kukhala kamsitu ka mitengo yachilengedwe kotsala pakati pa tiyi, kutali ndi mudzi wa lero. Zolembedwa zilipo m'mabuku a ubatizo ndi a ukwati ku mishoni, komanso ku National Archives, kosungira zolembedwa zakale za boma, ku Zomba. Kumeneko fufuzani Cholo ndi Mlanje, monga ankalembera kale, ndipo pa mapepala a 1943 isanafike mtundu wa Alhomwe analemba Anguru. Dzina lonyozalo linachotsedwa chifukwa cha khama la Lewis Bandawe, mtsogoleri wa Alhomwe, ndi anzake. A ku Phalombe ayang'ane pansi pa Mlanje, poti boma lawo linapatuka mu 1998.

Mdzukulu wa ku Luchenza:
Zikomo kwambiri akuluakulu. Nanga mwana wamasiye amene anayamwa kwa mayi ake aang'ono, kapena wobadwira ku chitengwa, alembedwe kuti?

Mayi a kwa Nthiramanja:
Onse awiri ku bere la mayi wowabala. Woleredwayo ikani dzina la womulera pambali, chifukwa munda umene ankalima ukhoza kukhala wa bere la womulerayo, wongobwerekedwa. Wa ku chitengwa lembaninso mudzi wa mayi ake ndi dzina la malume ake, poti mlandu wa malo ukabuka kwa bambo ake amamuuza kuti akafunse kumeneko.