Kodi zoti Papa Francis anafewetsa malamulo a ukwati ndi zoona?

NachisaleWaMphakati:
Abale Akatolika ndithandizeni. Achemwali anga anadalitsa ukwati mu tchalitchi chifukwa cha pathupi, makolo ndi ankhoswe anachita kuwaopseza kuti akakana asadzapondenso pakhomo. Mwamunayo anapita ku Joni n'kukwatiranso konko. Pano achemwali ali pabanja lina ndiye salandira Ukaristia, Lamulungu lililonse anzawo akamandanda pamzere iwo amangotsala pa benchi atazolika, ine zimandipweteka kwambiri. Ndamva kuti malamulo anasintha, zoona?

Mphunzitsi_wa_Tilitonse:
Pepani amayi. Anasinthadi koma osati mmene anthu amakambira. Mpingo sumasula ukwati womwe unamangidwa bwinobwino, chomwe khoti la mpingo limafufuza ndi choti kodi ukwatiwo unalipodi kuyambira tsiku loyamba. Mu 2015 Papa Francis anafupikitsa njira yake, kale pamafunika makhoti awiri agamule zofanana koma pano chigamulo chimodzi ndi chokwanira ngati palibe wachita apilo, komanso nkhani ikakhala yoonekeratu ndipo awiriwo avomera, Ambuye Episkopi amatha kuweruza okha mwachidule. Kulowa m'banja chifukwa choopsezedwa ndi chifukwa chodziwika, chili pa canon (lamulo) 1103 m'buku la malamulo a mpingo. Ayambire kwa bambo mfumu ku parishi kwawo.

Bambo_a_Chikondi:
Ine zimenezi zimandidetsa nkhawa, tikamangofewetsafewetsa achinyamata aziona ngati ukwati ndi chinthu chongoyesa.

MwanaWaKwaya:
Bambo a Chikondi nkhawa yanu ndikuimva, koma malamulowa sanayambe lero kusintha. Buku la malamulo la 1917 linalowedwa m'malo ndi la 1983 nthawi ya Papa John Paul II, agogo athu ankamva Misa m'Chilatini mpaka msonkhano wa Vatican II utatsegula njira ya zilankhulo zathu, ndipo mu 2021 canon 230 inasinthidwa kuti amayi nawo aziikidwa pa utumiki wowerenga mawu ndi wotumikira ku guwa. Papa Francis chiphunzitso cha ukwati sanachikhudze, anangochepetsa zaka zomwe munthu amadikira chilungamo, ndipo mtsikana wokwatiwa chifukwa cha mantha akuyenera kumvedwa basi.

NachisaleWaMphakati:
Zikomo nonse. Koma mwamunayo ngakhale pa WhatsApp sayankha, ndiye kuti zakanika?

Mphunzitsi_wa_Tilitonse:
Ayi sizinakanike. Njira yachidule ija siitheka popanda iye, koma yanthawi zonse imapitirira, khoti limamuitana ndipo akapanda kuyankha mlandu umamvedwabe. Achemwali anuwo akonzeretu kalata yaukwati ndi mboni zomwe zinaona mmene anawakakamizira.