Nyumba zakale pa Luchenza zikutha: kodi komiti yoziteteza imakhazikitsidwa bwanji?

Mphunzitsi Wopuma, Luchenza

Abale anzanga, ndithandizeni nzeru. Mwezi wathawu agwetsa sitolo ina yakale kuno, ya khonde lalitali la zipilala za njerwa, pomwe tinkausapo mvula pochokera kusukulu. Malowo anagulitsidwa ndipo wogulayo akufuna kumangapo mashopu. Sindikumuimba mlandu, ndi malo ake. Koma mtima unandipweteka nditaona anyamata akupala njerwazo ndi zikwanje kuti akagulitse. Zinali njerwa zikuluzikulu, zofiira psu, zomangidwa ndi dothi, ndipo mitanda ya denga inali ya mkungudza, fungo lake likumvekabe pomwe aisanja m'mbali mwa msewu. Panalibe ndi mmodzi yemwe woti ajambule chithunzi nyumbayo isanagwe.

Tawuni yathu inakula chifukwa cha njanji, yomwe inadutsa kuno n'kukafika ku Blantyre mu 1908. Nyumba za nthawi imeneyo zatsala zowerengeka. Ine ndi anzanga ena tikuganiza zoyambitsa komiti yoteteza nyumba ndi malo akale. Funso langa ndi ili: komiti yotere amaisankha ndani? Imayankha kwa yani, kukhonsolo, kwa mfumu, kapena ku Lilongwe? Nanga ingathe kuuza mwini nyumba kuti musagwetse, iye n'kumvera?

Kalaliki Wakale, Thyolo boma

Aphunzitsi, zikomo podzutsa nkhani imeneyi. Ndinagwira ntchito m'maofesi a khonsolo zaka zambiri, ndiye ndikuuzeni mosabisa: komiti ya inu ndi anzanu, payokha, singaletse munthu kugwetsa nyumba yake. Mungamuchonderere basi.

Mphamvu zili m'lamulo la Monuments and Relics Act la 1990. Lamuloli limapatsa nduna mphamvu yolengeza mu Gazette, chikalata cha boma cholengezera malamulo, kuti nyumba kapena malo akutiakuti ndi otetezedwa, ndipo akalengezedwa choncho, kuwaphwanya kapena kuwasintha popanda chilolezo ndi mlandu. Ndunayo sichita izi yokha. Pali bungwe la alangizi lomwe lamulo lomweli linakhazikitsa, ndipo ntchito ya tsiku ndi tsiku imagwiridwa ndi nthambi ya boma ya Museums and Monuments, yomwe ambiri tinaizolowera ndi dzina loti Antiquities. Nyumba ngati Mandala ya ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, zapulumuka chifukwa zili pa mndandanda wa boma, komanso pali anthu ozigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Vuto n'lakuti akatswiri a nthambiyi ndi ochepa ndipo ali kutali. Sitolo ya pa Luchenza saidziwa ngati inu simunawalembere.

Khomo lachiwiri ndi lomwe ine ndimalikhulupirira. Luchenza ili ndi khonsolo yakeyake, ndipo lamulo la maboma aang'ono la 1998 limalola khonsolo kupanga malamulo a m'dera lake ndi kukhazikitsa makomiti. Mapulani a nyumba za m'tawuni amayeneranso kudutsa kukhonsolo munthu asanayambe kumanga. Apa ndi pomwe mungagwirepo. Pemphani, kudzera mwa khansala wanu, kuti komiti yanu ivomerezedwe pa msonkhano wa khonsolo yonse ngati yolangiza, ndipo zilembedwe m'maminitsi kuti pulani iliyonse yokhudza nyumba ya pa mndandanda wa nyumba zakale womwe mudzalembe izidzera kaye kwa inu. Zikangolankhulidwa pakamwa, bwana akasamutsidwa nkhani yathera pomwepo.

Za kayendetsedwe, ndaona makomiti ambiri akufa ndipo matenda ake ndi amodzimodzi. Amayamba ndi anthu makumi awiri, onse akuyembekezera ndalama ya msonkhano, ikasowa n'kubalalika. Musapitirire anthu asanu ndi awiri. Alowe kwa zaka zitatu, koma asamatuluke onse nthawi imodzi, kuti pazikhala wotsala wodziwa pomwe nkhani zinalekezera. Wapampando asakhale khansala kapena wamkulu wa chipani, chifukwa zisankho zikadutsa komiti imaoneka ngati ya anthu omwe agonja. Ndipo mulembe poyera kuti membala yemwe ali ndi chibale kapena malonda ndi mwini nyumba yomwe ikukambidwa azituluka panja mpaka anzake atagamula.

Mmisiri ku Joni

Moni akuluakulu. Kwathu ndi kwa Mabuka ku Mulanje, koma ndimamanga nyumba kuno ku Johannesburg. Kuno kuli lamulo la 1999 lomwe limati nyumba iliyonse yopitirira zaka 60 sungaigwetse kapena kuisintha popanda chilolezo cha bungwe loona zakale la m'chigawocho. Siziyembekezera kuti nduna ilengeze kaye, zaka zokhazo zakwana. Tinapatsidwapo ntchito yosintha mawindo a nyumba ina yakale, ndipo tinadikira chilolezo tisanakhudze chilichonse. Chitabwera anati mafelemu a matabwa tisawachotse, tiwakonze. Tinawapala utoto ndi manja, n'kudula powola pokha n'kulumikiza thabwa latsopano. Mwini nyumba ankadandaula za nthawi, koma ntchito itatha ankaitana anzake kudzaona.

Pempho langa aphunzitsi, mukomitimo muikemo mmisiri. Nyumba zomangidwa ndi dothi zija ukazimata simenti yolimba, chinyezi chimatsekeredwa mkati ndipo njerwa zimayamba kufumbutuka. Ndi mvula ya kwathu ija, chopulumutsa nyumba yakale ndi denga losadontha ndi ngalande yochotsa madzi pamaziko. Wophunzira mbiri yekha sangazione zimenezi.

Mwana wa ku Bvumbwe, ndili kusukulu ku America

Ndiwonjezereko pang'ono za kuno, bambo. Matawuni ambiri ali ndi makomiti otere, okhazikitsidwa ndi lamulo la tawuniyo. Ya ku New York inapatsidwa mphamvu mu 1965, anthu atakwiya ndi kugwetsedwa kwa siteshoni yakale ya sitima ya Pennsylvania Station, komwe kunayamba mu 1963. Ili ndi mamembala 11 osankhidwa ndi meya kwa zaka zitatu. Lamulo limati pakhale akatswiri ojambula mapulani a nyumba osachepera atatu, katswiri wa mbiri, wodziwa za malonda a nyumba ndi malo, ndiponso munthu wochokera m'chigawo chilichonse mwa zigawo zisanu za mzindawo. Chomwe ndinachikonda n'chakuti nyumba isanaikidwe pa mndandanda amaitanitsa msonkhano wapoyera, mwini wake n'kulankhula, oyandikana nawo n'kulankhulanso. Zimenezi sizifuna ndalama zambiri, ngakhale m'kalasi ya pulayimale zingachitike.

Nangondo, Likhubula

Pepani abambo nonse, ine ndili ndi mawu ena. Ndawerenga zonsezi, koma tikunena mbiri ya yani?

Tikati nyumba zakale kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, maso amathamangira ku nyumba za mabwana a m'maesiteti, za makonde ozungulira ndi kapinga wometa bwino. N'zoona tiyi ndi mbiri yathu, anayamba kulimidwa kuno ku Mulanje cha mu 1891 pomwe Henry Brown anabzala ku Thornwood. Koma agogo anga aakazi anathyola tiyi mpaka msana kupindika, ndipo ankakhala m'malayini, kachipinda kamodzi banja lonse, mwaye wakuda bii kudenga chifukwa mvula ikagwa ankaphikira momwemo. Makolo awo analowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique n'kugwira thangata kuti apeze pokhala. Malayini amenewa akamagwa palibe amadandaula. Ine ndikufuna mzere umodzi wokha usungidwe momwe unalili, kuti mdzukulu wanga adzalowe, adzayeze yekha ndi mapazi ake kukula kwa chipindacho.

Ndipo si zonse zili ndi makoma. Dziwe la Nkhalamba lili pafupi ndi kwathu kuno. Mwala wa Nthunzi uli kwanu ku Thyolo, pomwe apaulendo ankaima n'kugogoda kuti ayende bwino. Pali manda a m'midzi, pali nkhalango zomwe ankathirako nsembe. Mu July 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse lapansi, ndipo chomwe anayang'ana kwambiri ndi chikhalidwe, momwe Amang'anja, Ayao ndi Alomwe amalilemekezera ngati mokhala mizimu ya makolo. Malo otere woyang'anira wake ndi mfumu ndi akuluakulu a m'mudzi, si khonsolo. Mukapanga komiti yopanda nthumwi ya mfumu, simudzauzidwa n'komwe pomwe malowa ali, ndipo akuluakuluwo adzakhala akulondola kukubisirani.

Pitani mukaone Fort Lister, pakati pa Mulanje ndi Michesi, yomwe inamangidwa mu 1893 kuti itseke njira ya ogulitsa akapolo. Malowa ndi odziwika kuboma kuyambira kale, koma zomwe zatsala ndi mabwinja. Dzina pa pepala silichotsa tchire pakhoma. Amachotsa ndi anthu a pafupi, ngati akuona kuti malowo ndi awo.

A Kalaliki mwati anthu asanu ndi awiri. Chabwino, koma atatu akhale amayi, ndipo mmodzi akhale woti anagwirapo ntchito m'munda wa tiyi.

Mphunzitsi Wopuma, Luchenza

Mayi Nangondo, mawu anu alowa. Bambo anga omwe anali mlonda pa esiteti, ndipo nyumba yomwe ndinabadwiramo inali ya m'malayini momwemo.

Dzulo tinakumana ndi anzanga aja ndipo tagwirizana kuyamba ndi kaundula, popeza ameneyu safuna chilolezo cha wina aliyense. Malo aliwonse tsamba lake: chithunzi, pomwe ali, mwini wake, momwe denga ndi makoma zilili, ndi zomwe okalamba akukumbukira, tikuwajambula mawu pafoni ngati alola. Za manda ndi malo a nsembe tidzalemba zokhazo zomwe mfumu yavomereza. Kope imodzi idzapita kukhonsolo, ina ku Museums and Monuments pamodzi ndi kalata yopempha kuti adzaone nyumba zomwe zili pangozi kwambiri mvula isanayambe.

A Kalaliki, chandivuta ndi chimodzi. Mwini nyumba akati ndalama yokonzera denga ndilibe, ndipo wogula wabwera kale ndi ndalama m'manja, komiti imuyankha chiyani? Kodi khonsolo ingamuchepetsereko msonkho wa nyumba ngati walonjeza kuisunga? Ngati n'zotheka, tiuzeni kuti pempho lotere limayambira ku komiti ya zachuma kapena kwa mkulu wa khonsolo, kuti tililembe m'kalata yomweyi.