Mkwatibwi akufuna nyimbo ya The Police pa gule woyamba: ndimuuze kapena ndingoika?

DJ wa ku Chilomoni: Akuluakulu, ndigaireni nzeru. Loweruka likudzali ndili ndi ukwati, ndipo mkwatibwi wanditumizira mndandanda wa nyimbo. Pa gule wa awiriwo, akangomaliza kudula keke, walemba Every Breath You Take ya gulu loimba la ku Britain la The Police, n'kudula mzere kunsi kwake kuti imeneyi isasinthidwe. Usiku ndikukonza foda ndinaimvetsera ndi mahedifoni, ndipo mawu ake sakundikhalira bwino. Mwamuna akuuza mkazi kuti kulikonse angaponde, chilichonse anganene, iye akhala akumuyang'ana. Akutinso mkaziyo ndi wake basi. Chimenechi ndi chikondi kapena ulonda? Ndiwauze eni ake, kapena ndingoika n'kulandira zanga?

MC wa ku Area 25: Ingoikani achimwene. Wolipira ndiye mwini nyimbo. Nthawi imeneyo mu holo anthu amakhala ali pa mzere wosinthitsa ndalama za perekaniperekani, ena akujambula ndi mafoni. Amamvetsera mawu a Chingerezi ndani? Mukayamba kuphunzitsa makasitomala, mawa aitana wina.

Mkulu wa pa wailesi, wopuma: Mwana wanga wa ku Chilomoni, makutu ako sanakunamize. Nyimboyi ndinaiulutsa kwa zaka zambiri pa pologalamu ya mafuno abwino, anyamata akuitumiza kwa zibwenzi zawo, ndipo mwini wake amadabwa ndi zomwezo.

Anailemba ndi Sting, woimba wamkulu wa The Police, mu 1982. Nthawi imeneyo banja lake ndi Frances Tomelty linali likutha, iye atayamba chibwenzi ndi Trudie Styler, yemwe anali mnzake wa mkazi wakeyo. Nyuzipepala za ku Britain zinamukhalira pakhosi, ndiye anakabisala ku Jamaica, pa nyumba yotchedwa Goldeneye, yomwe kale inali ya Ian Fleming, mlembi wa nkhani za James Bond. Nyimboyi inabadwira kumeneko. Anaijambula ku Montserrat, n'kutuluka mu 1983 pa chimbale cha Synchronicity, chomwe chinakhala chomaliza cha gululi. Inakhala pa nambala wani masabata 8 ku America, masabata 4 ku Britain, ndipo mu 1984 inapata mphoto ya Grammy ya nyimbo yopambana pa chaka.

Sting wanena kangapo pocheza ndi atolankhani kuti ndi nyimbo ya nsanje, ya munthu wofuna kulamulira mnzake ndi kumulondalonda. Anafotokozaponso kuti anthu amamuuza kuti anavinira nyimboyi pa ukwati wawo, iye n'kungowafunira mwayi. Mu 1985, atayamba kuimba payekha, anatulutsa If You Love Somebody Set Them Free, ndipo ananena yekha kuti imeneyi ndi mankhwala a yoyambayo.

MC wa ku Area 25: Madala, zamveka, koma woimba akatulutsa nyimbo si yakenso. Ngati awiriwa anakumana nyimboyi ikulira, kwa iwo ndi ya chikondi. Mabanja onse amene anavinira aja anatha?

Mlongo wa zokuzira mawu, Zomba: A MC, palibe amene wati nyimbo imathetsa banja. Koma mvetserani pakati pake ndi kumapeto kwake. Mkaziyo anachoka kale. Mwamunayo akudandaula kuti chichokereni iye wasokonezeka, usiku akungolota nkhope yake. Zimene akuti aziyang'anazo ndi monga malonjezo amene mkaziyo aswe, ndi kumwetulira kwachinyengo. Tsono taganizani: mphete zangovalidwa m'mawa, ankhoswe akhala kutsogolo, abusa ali pa tebulo lapamwamba, ndiye masipika akukamba za kuswa malumbiro. Ife amayi timawadziwa amuna otere, ofufuza foni mkazi akalowa kubafa, ofunsa kuti pa minibasi unakhala ndi ndani. Ndipo musamati palibe womvetsera. Pa ukwati uliwonse pamakhala azakhali amodzi aphunzitsi amene amamva liwu lililonse, ndipo akamadzudzula satchula mkwatibwi, amati DJ wake anali wotani.

Wagitala wa bandi ya maukwati: Ine ndiyankhe chifukwa chake imapusitsa anthu. Makodi ake ndi anayi aja a nyimbo zachikondi za m'ma 1950, omwewo a Stand By Me. Khutu likangowamva limadziwa kale kuti apa pakubwera zokoma. Pamwamba pake wagitala wa gululi, Andy Summers, anaikapo gitala yodonthadontha ija, yogwira zingwe ndi chikhatho kuti zisalire kwambiri, ndipo Stewart Copeland ng'oma akungoziyendetsa mofatsa osakometsera. Sting naye sakukalipa, akuimba ngati akunong'oneza. Amakweza mawu malo amodzi okha, pakati paja pamene makodi amasintha, ndipo mpomwe munthuyo amaonekera kuti mutu sukuyenda bwino. Kenako amabwerera mwakachetechete n'kumangobwereza kuti akuyang'ana mpaka nyimbo kuzilala. Ine kumapetoko n'komwe kumandiopsa.

Chinanso cha ntchito: si nyimbo yodekha ngati mmene anthu amaganizira. Imagunda cha m'ma ka 117 pa mphindi. Mkwatibwi wa diresi lokwekwereza pansi savina bwino pa liwiro limenelo, amangogwedezeka pamodzimodzi kwa mphindi zinayi.

Kamnyamata ka ku Mzuzu: Mabwana, pepani ndilowerere. Mwatsimikiza kuti mkwatibwiyo akuidziwa ya The Police yeniyeniyo? A msinkhu wathu gitala imeneyi tinaidziwira kwa Puff Daddy ndi Faith Evans, mu nyimbo yawo ya I'll Be Missing You ya 1997, imene inatengera gitala yomweyi. Ija ndi yolira maliro a woimba rap Notorious B.I.G., amene anawomberedwa ku Los Angeles mu Malichi chaka chomwecho, ndipo Faith Evans anali mkazi wake. Ndiye gitala ikangoyamba, ena mu holo aziimba ya malirowo. Ine zinandichitikira pa phwando lina, anthu anakweza manja m'mwamba ngati tikukumbukira malemu.

Mkulu wa pa wailesi, wopuma: Mnyamatayu wanena zoona, ndipo imeneyo ndinaiiwala. Choncho nyimbo imodzi ili ndi misampha iwiri: omva mawu amva nsanje, osamva mawu akumbuka maliro. Komabe a MC sanalakwitse pa mfundo yoti mwini tsiku ndi mkwatibwi. Mu 2019 bungwe la ku America loona za ufulu wa eni nyimbo la BMI linalengeza kuti iyi ndiyo nyimbo yoseweredwa kwambiri pa wailesi mwa nyimbo zonse zimene limayang'anira. Anthu ochuluka chotero amaikonda, ndipo si zitsiru. Iwe ntchito yako si kuletsa, koma safunsa anadya phula. Muimbire foni mkwatibwiyo, osalemba pa gulu la komiti ya ukwati, ungamuchititse manyazi pamaso pa alamu ake. Umuuze mwachidule zimene nyimboyo ikunena, umupatse njira ziwiri kapena zitatu, asankhe yekha.

Wagitala wa bandi ya maukwati: Njira ina ndi nyimbo yomweyi koma yopanda mawu. Ilipo yambiri ya piyano kapena gitala yokha, yodekha bwino. Ikhoza kulira pansipansi pamene akudula keke, MC akulankhula pamwamba pake. Pa gule weniweniyo aike ina.

MC wa ku Area 25: Imeneyo ndiye ndavomera. Koma foniyo ikhale ya mphindi ziwiri, osati ulaliki. Ndipo akakana, muike yomweyo ndi nkhope yosangalala.

DJ wa ku Chilomoni: Ndabwera ndi lipoti. Ndamuimbira masana ano. Poyamba anangoti zii, kenako anaseka mpaka kutsokomola. Akuti bambo ake omwalira ankaikonda pa kaseti m'galimoto popita kumudzi, ndiye amafuna kuti pa tsikulo pamveke kanthu kawo. Mawuwo sanawaganizirepo, amangodziwa kolasi. Tagwirizana kuti ya piyano ilire pamene amalume ake akumulowetsa mu holo, ndipo a MC anene mawu amodzi okumbukira bambowo. Pa gule wa awiriwo akambirana ndi mwamuna wake usiku uno, akuti mwina asankha ya kwathu konkuno kuti ndi agogo omwe adzuke. Achimwene agitala, nditumizireni ya piyano ija ku inbox, koma ikhale yomveka bwino, masipika a mu holo imeneyo amakokomeza phokoso lililonse.