Zotsatira za funso lija la mawu akuti canter

Paja ndinafunsa gwero la mawu achingerezi akuti canter, kathamangidwe ka kavalo kapakatikati, kosafika pa liwiro la mtondo wadooka. Yankho lapezeka: ndi chidule cha Canterbury gallop. Anthu opita ku Canterbury, ku England, kukapemphera pamanda a Thomas Becket, bishopu wamkulu amene anaphedwa mu 1170, ankathamangitsa akavalo awo mofatsa poti ulendo unali wautali. Chidulechi chinayamba kulembedwa m'zaka za m'ma 1700. Angerezi akati munthu wapambana in a canter, ndiye kuti wapambana osatuluka thukuta n'komwe.

Inu amene munatchula lole ya Mitsubishi Fuso Canter munalasa ndithu. Dzinalo analitenga ku kathamangidwe komweka mu 1963, ngakhale kanta yodzaza matumba a chimanga ikafika pachitunda imachita kukwawa.